Kabwerebwere nayenso ali ndi masiku 14: tisamutaye, komanso tisamunamize

Abale ndi alongo a pa msewu wa ku Joni, amayi a geni, madalaivala ndi makondakitala, pali nkhani imene timainong'ona m'mabasi koma pagulu pano timaizemba. Ndi nkhani ya mnzathu amene wagwidwa kachiwiri ndi mankhwala ozunguza bongo ku South Africa, khoti n'kumugamula zaka 20. Uthenga wotere ukangofika, gulu limagawikana pawiri. Ena amati, "Ameneyo ndi kabwerebwere, ankadziwa chimene akuchita, musiyeni aone yekha." Ena amathamanga kusonkhetsa ndalama n'kukapatsa munthu wa suti amene walonjeza kuti doketi isowa. Ife tikuti njira zonse ziwirizi n'zolakwika. Munthu wogamulidwa ngati kabwerebwere ayenera kuthandizidwa kuti loya weniweni awerenge mlandu wake msanga, ndipo ngati pali poyambira, achite apilo. Ngati palibe, banja liuzidwe zoona lisanagulitse nyumba.

Tiyambe ndi kunena poyera kuti sitikuikira kumbuyo malonda amenewa. Tawaona anyamata a nyaope akugona m'makwalala a ku Hillbrow, tawaona ana athu omwe kumudzi atazungulira mutu ndi chamba. Tikudziwanso kuti thumba limodzi likapezeka m'ngolo ya basi pa Beitbridge, tonse timatsitsidwa katundu, timagona pa boda, mbatata ndi nsomba zathu zikuwonongeka. Wogulitsa mankhwala amaipitsa dzina la wa geni aliyense wonyamula pasipoti ngati yake. Koma kudana ndi mlandu n'kwina, kulola kuti munthu akhale zaka zisanu zowonjezera chifukwa palibe amene anawerenga pepala n'kwinanso.

Timvetsetse kaye kumene zaka 20 zija zimachokera. Lamulo la mankhwalawa ku South Africa ndi Drugs and Drug Trafficking Act ya 1992. Ambiri aife timaganiza kuti wogulitsa ndi yekhayo amene walandira ndalama m'manja. Lamuloli silitero. Kunyamula popititsa kwina, kulowetsa m'dziko, kutulutsa, kulima, kupatsira munthu wina, zonsezi limaziwerenga kuti ndi malonda. Ndiye dalaivala amene wabisa phukusi kuseri kwa mpando pa Tete kuti akalipereke ku Park Station, ngati ankadziwa za m'katimo, pamaso pa khoti ndi wamalonda ngakhale kuti iye anangolandira ya mafuta. Chilango cha mlandu umenewu chingathe kufika zaka 25.

Kenako pali lamulo lina, Criminal Law Amendment Act 105 ya 1997, gawo 51, limene linaika malire a pansi a chilango. Ngati mtengo wa mankhwalawo wapitirira R50,000, kapena wapitirira R10,000 koma munthuyo anachita ndi gulu mogwirizana, khoti liyenera kupereka zaka zosachepera 15 kwa wolakwa koyamba, 20 kwa wolakwa kachiwiri, ndi 25 kwa wolakwa kachitatu kapena kuposerapo. Taonani kusiyana kwake. Dzina lakuti kabwerebwere palokha likulemera zaka zisanu mpaka khumi. Mwana amene bambo ake anamusiya ali sitandade 1, zaka zisanuzo ndiye kusiyana kwa kumupeza akadali pasukulu ndi kumupeza ali pabanja. N'chifukwa chake tikuti dzinali lisamangolandiridwa ngati risiti ya pa boda. Liyenera kufufuzidwa.

Ndipo likafufuzidwa, nthawi zina limagwa. Lamulo limanena za munthu amene wabwereza mlandu wa mtundu womwewo. Khoti lalikulu la apilo la ku Bloemfontein, pa mlandu wa Mokela, linanena kuti boma liyenera kuonetsa kuti mlandu wakalewo unalidi wa mtundu umene ukuzengedwa tsopano. Uja unali mlandu wa umbava, koma mfundo yake loya aliyense wa milandu yaupandu amaidziwa. Ndiye ngati mnzathu anagwidwapo kale ndi kachamba kosuta yekha n'kulipira faindi, funso loyamba kwa loya ndi lakuti: kodi mlandu wopezeka ndi mankhwala ungamusandutse kabwerebwere pa mlandu wa malonda a R50,000? Khoti lingathe kuuganizira mlandu wakalewo ngati chinthu choipitsa mbiri yake, inde, koma kumukweza kuchoka pa 15 kufika pa 20 ndi nkhani ina imene imafuna umboni wake.

Mbiri ya milandu yakale imabwera pa fomu ya polisi yotchedwa SAP 69. Munthu akapezeka wolakwa, woimira boma amaipereka, ndipo khoti limafunsa woimbidwa mlandu ngati akuvomera zimene zalembedwamo. Akavomera amasaina. Akakana, boma liyenera kubweretsa umboni. Apa m'pamene anthu athu ambiri amagwera. Munthu watha miyezi ali pa rimandi, watopa, Chingerezi chake ndi cha pa msika, womasulira amene wapezeka ndi wa Chizulu kapena Chishona, iye n'kungogwedeza mutu kuti zithe. Amasaina osadziwa kuti siginecha imeneyo ndi zaka zisanu. Safunsa anadya phula. Malamulo aakulu a dziko la South Africa, gawo 35, amati aliyense woimbidwa mlandu ali ndi ufulu womva mlandu wake m'chiyankhulo chimene amachidziwa, ndipo mawu akuti aliyense sakusiya mlendo kunja, kaya ali ndi pemiti kaya alibe.

Chinthu chachiwiri chimene apilo imayang'ana ndi mtengo. Ife a geni timadziwa bwino kuti belo la kaunjika lili ndi mtengo wake popikula, ndipo malaya omwewo ali ndi mtengo wina ukamagulitsa limodzilimodzi. Ndiye wapolisi akaima n'kunena kuti katundu uyu ndi wa R300,000, loya wabwino amafunsa kuti mtengo umenewo wautenga kuti. Mu 2002, pa mlandu wa Legoa, munthu amene anagwidwa ndi chamba choposa makilogalamu 200, khoti la ku Bloemfontein linanena kuti mtengo wa mankhwalawo uyenera kutsimikizidwa munthu asanapezeke wolakwa, osati kuubweretsa pambuyo pa nthawi yopereka chilango. Munthuyo anali atavomera mlandu wa malonda, koma sanavomere za mtengo, ndipo chilango cha zaka 15 chinachotsedwa n'kuikapo chocheperapo. Pa mlandu winanso wa Ndlovu, khoti lomwelo linati woimbidwa mlandu ayenera kuuzidwa kuyambira pachiyambi kuti boma likufuna kugwiritsa ntchito lamulo la malire a pansi, kuti adziwe kukula kwa phiri limene akukwera. Ngati pepala la mlandu silinatchule zimenezi, ndipo palibe amene anamuchenjeza, apilo ili ndi pogwira.

Chachitatu, ngakhale zonse zitakhala kuti zinayenda bwino, zaka 20 si mwala wosasunthika. Lamulo lomwelo limalola khoti kutsika pansi pa malire ngati pali zifukwa zamphamvu ndi zokhutiritsa. Mlandu umene maloya onse amatchula pa nkhaniyi ndi wa Malgas wa 2001. Kumeneko oweruza anati malirewo asamasiyidwe pa zifukwa zachibwana, komanso anati ngati chilangocho chikuposa kukula kwa mlandu mpaka kukhala chosalungama, khoti litsike. Zimene zimaikidwa pa sikelo ndi monga miyezi imene munthu wakhala pa rimandi, zaka zimene zadutsa chichitikireni mlandu woyamba, ngati anali mwini katundu kapena wotumidwa chabe, ngati anavomera mlandu n'kuthandiza apolisi, thanzi lake, ndi ana amene amadalira iye. Kwa amayi anzathu, dziwani kuti mu 2007 khoti la malamulo aakulu a dziko linagamula kuti woweruza ayenera kuganizira za ana pamene akupereka chilango kwa munthu amene ndiye amalera anawo tsiku ndi tsiku. Sizikutanthauza kuti mayi sangamangidwe. Zikutanthauza kuti woweruza amene sanafunse n'komwe za anawo wasiya ntchito ina osaigwira.

Tsopano nkhani ya nthawi, imene ndi yowawa kuposa zonse. Munthu akagamulidwa kwa majisitireti, sangodzuka n'kupita ku High Court. Amayamba wapempha chilolezo cha apilo kwa khoti lomwe lamugamulalo, ndipo ali ndi masiku 14 kuchokera tsiku la chilango. Majisitireti akakana, ali ndi masiku 21 olembera pempho kwa mkulu wa majaji a High Court ya dera limenelo. Wogwidwa pa Beitbridge kapena ku Musina, nkhani yake imakathera ku High Court ya ku Limpopo. Masiku 14 ndi ochepa kwambiri kwa banja limene lili ku Mangochi, ku Chipata kapena ku Angonia. Foni imatenga masiku atatu kuti ifike kwa mwini mbumba, sabata imatha anthu akukangana kuti wolakwa ndani, sabata ina kufunafuna ndalama ya basi. Pofika ku Joni nthawi yatha. Ife timati werengani masikuwo pa kalendala, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, kuti musapezeke mukutsutsana ndi kalaliki wa khoti pa za kawerengedwe.

Nthawi ikadutsa chitseko sichinakhomedwe ndi misomali. Pali pempho lopepesa kuchedwa limene maloya amati condonation. Koma pamenepo munthu ayenera kulumbira n'kufotokoza chimene chinamuchedwetsa, mwezi ndi mwezi, komanso kuonetsa kuti apiloyo ili ndi mwayi wopambana. Kunena kuti tinkasonkha ndalama kwa zaka ziwiri sikukhutiritsa jaji, makamaka poti pali maloya aulere. Legal Aid South Africa imaimira anthu osauka pa milandu yaupandu, alendo omwe, ndipo imachitanso maapilo. Mkaidi angathe kupempha kudzera kwa akuluakulu a ndende imene ali. Tikudziwa kuti ambiri amanyoza loya wa boma, amati waulere sagwira ntchito. Zoona zake n'zakuti maloya amenewa amakhala ndi mafayilo ambiri, ndiye amafunika kuwakumbutsa mwaulemu kawirikawiri. Koma amakhala m'makhoti amenewa tsiku lililonse, ndipo pepala lolowa pa tsiku la 12 ndi loya waulere limaposa pepala lolowa patatha chaka ndi loya wodula.

Apa tikhudze anthu a suti aja. Paliponse pamene pali mlendo wolira, pamabwera munthu wodziwana ndi aliyense. Amati majisitireti ndi mnzake, woimira boma amamwera limodzi, R30,000 yokha doketi ipsa. Abale, munthu akagamulidwa kale, doketi ilibenso ntchito. Chigamulo chili m'kaundula wa khoti, chilolezo chomusungira chili ku ndende, zala zake zili mu kompyuta ya polisi. Palibe chimene chingasowe n'kumutulutsa. Amene angasinthe chilangocho ndi majaji okha, atawerenga zolembedwa za mlandu. Ndipo wopereka chiphuphu nayenso amamangidwa, ndiye banja limodzi n'kukhala ndi akaidi awiri. Loya weniweni ku South Africa amakhala m'kaundula wa Legal Practice Council, ali ndi ofesi, amapereka risiti, ndipo ndalama zanu zimalowa mu akaunti ya ofesi yosungira ndalama za makasitomala, osati m'thumba la jekete pa malo odyera. Chizindikiro china n'chosavuta: loya weniweni salonjeza kupambana asanawerenge fayilo.

Ena pagulu pano adzati, "N'chifukwa chiyani ndalama zathu za thukuta zipite kwa munthu amene anachenjezedwa kale ndi ndende koma sanamve?" Funso limeneli ndi la nzeru ndipo sitikulinyoza. Yankho lathu n'lakuti palibe amene akukakamizidwa kusonkha. Thumba la maliro likhale la maliro, lisakhudzidwe. Koma thandizo lalikulu pa masiku 14 aja si ndalama. Ndi munthu wa ku Joni wopita ku khoti kukatenga nambala ya mlandu. Ndi dalaivala wobweretsa makalata a kubadwa a ana ndi makadi a kuchipatala kuchokera kumudzi. Ndi wodziwa Chingerezi woperekeza mkazi wake ku ofesi ya Legal Aid. Ndi wodziwitsa ofesi ya kazembe wa dziko lathu ku Pretoria kapena ku Johannesburg kuti nzika yawo ili m'ndende yakuti. Akazembe satulutsa munthu, koma ndi bwino adziwe kumene ali. Zonsezi sizitichotsera mpamba.

Komanso tisaiwale kuti malamulo amene akuteteza kabwerebwere lero ndi omwewo amene adzateteze iwe wosalakwa mawa. Tonsefe timanyamula maphukusi a eni ake. Kondakitala amalandira zikwama makumi angapo pa Wenela kapena pa Devil Street, zomata ndi tepi, zolembedwa nambala ya foni yokha. Tsiku lina galu wa apolisi akadzaima pa chikwama chimodzi, iwe udzafuna womasulira wa Chichewa, udzafuna boma litsimikize kuti unkadziwa, udzafuna mtengo utsimikizidwe. Kale lamulo linkati wopezeka ndi chamba choposa magalamu 115 azionedwa ngati wogulitsa mpaka iye atadziyeretsa yekha. Lamulo limenelo linagwa mu 1995 pa mlandu wa Bhulwana, nkhaniyo itakwera mpaka pamwamba. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Koma tinenenso mbali imene mabanja safuna kumva. Apilo si kuzenganso mlandu. Majaji saitana mboni kuti ziyambirenso, amawerenga zimene zinanenedwa m'khoti loyamba. Sasintha chilango chifukwa chakuti iwo akanapereka chocheperako pang'ono. Amasintha ngati woweruza analakwitsa lamulo kapena mfundo, kapena ngati chilangocho n'chodabwitsa kukula kwake. Kulowetsa apilo sikutulutsa munthu, amakhalabe m'ndende akudikira, ndipo belo pa mlandu wa zaka 20 kwa mlendo amene kwawo n'kutsidya kwa boda ndi yovuta zedi. Zolembedwa za mlandu zimatenga miyezi kuti zitaipidwe. Chinanso, khoti la apilo lili ndi mphamvu yowonjezera chilango. Pa mlandu wa Bogaards mu 2012 kunagamulidwa kuti liyenera kuyamba lachenjeza munthuyo, koma mphamvuyo ilipo. Ndiye ngati mnzathu anali ndi mlandu wakale wa malonda aakulu, mtengo unatsimikizidwa, anachenjezedwa, ndipo majisitireti anamuchitira kale chifundo n'kumupatsa 12 m'malo mwa 20, loya woona mtima adzamuuza kuti akhale pansi. Banja limvere. Kugulitsa minibasi ndi puloti pofuna apilo yopanda miyendo ndi kumanga ana pamodzi ndi bambo awo.

Ndiponso munthu asankhe bwino chimene akutsutsa. Pali apilo yokana kuti sindinalakwe, pali apilo yovomera kulakwa koma kudandaula kukula kwa chilango. Wogwidwa ndi katundu m'manja, atavomera yekha m'khoti, akamalimbikira kuti sanalakwe amangotaya nthawi. Mphamvu zake aike pa chilango. Kutsika kuchoka pa 20 kufika pa 15 ena amakuona ngati kulephera chifukwa munthu sanatuluke. Werengani bwino. Ku South Africa mkaidi amayamba kuganiziridwa za parole akatha theka la chilango. Theka la 20 ndi zaka 10, theka la 15 ndi zaka 7 ndi miyezi 6. Kwa gogo amene akulera ana ake kumudzi, zaka ziwiri ndi theka zimenezo si masewera.

Dziwaninso kuti ngakhale apilo ya chilango itapambana, mlanduwo umakhalabe pa dzina. Lamulo la zolowa ndi kutuluka la South Africa la 2002 limaika munthu wopezeka wolakwa pa milandu ya mankhwala ozunguza bongo m'gulu la anthu oletsedwa kulowa m'dzikolo. Akamaliza chilango njira yake ndi ya ku Lindela, kenako kwawo. Geni ya ku Joni yathera pomwepo. Galimoto imene inanyamula katunduyo boma lingathe kuilanda, ndipo mwini thiraki amene sanadziwe kanthu amayenera kukadziyeretsa yekha ku khoti kuti aibweze. Asatinamizenso munthu kuti chamba anachiloleza ku Joni. Chigamulo cha 2018 chinakhudza munthu wamkulu wosuta kapena kulima chake pamalo pake. Kugulitsa ndi kuwolotsa boda kudakali mlandu, monganso ku Malawi kumene lamulo la 2020 linangololeza chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhala ndi laisensi.

Pempho lathu kwa ma admin ndi ili. Uthenga wa munthu wogamulidwa ukafika, tisayambe ndi kuweruza, khoti laweruza kale. Tisayambenso ndi nambala ya Mukuru. Tiyambe ndi mafunso asanu: wagamulidwa tsiku liti, khoti liti, nambala ya mlandu ndi chiyani, ali ndende iti, ndipo loya amene anamuimira ndani. Kenako wina afunse loyayo ngati pempho la apilo lalowa, ngati mlandu wakale unali wa malonda kapena wongopezeka nazo, ngati mtengo unatsimikizidwa, ndiponso ngati panali womasulira wa chiyankhulo chake. Mayina ndi zithunzi za munthuyo zisamwazidwe pagulu, zipite kwa admin mmodzi kapena awiri, chifukwa ana ake nawonso ali pa Facebook.

Ndipo kwa inu amene munalawako kale ndende pa nkhani zimenezi n'kubwerera pa msewu, tikukupemphani ngati abale anu: zala zanu boma lili nazo, ndipo ulendo wachiwiri sikelo imayambira pamwamba. Phukusi lomata limene mwini wake akukana kuti mulitsegule, lisiyeni pansi, ngakhale ya mafuta itakoma chotani. Wakutsina khutu ndi mnansi. Amene muli ndi m'bale wogamulidwa sabata ino, lembani tsiku la chilango pa khoma ndipo muyambe kuwerenga lero. Muyende bwino nonse amene muli pa mzere wa pa boda usiku uno.